Mtsuko wopindika, phiri la Paektu ndi mitengo yolembedwa: mmene banja la Kim linalembera dzina lake pa nthaka ya North Korea

Chakumadzulo kwa mzinda wa Pyongyang, m'mbali mwa mtsinje wa Taedong, kuli mudzi wotchedwa Mangyongdae. Pamudzipo pali kanyumba kofolera ndi udzu, makasu akale, mphasa ndi ziwiya za kukhitchini. Pakati pa ziwiyazo pali mtsuko wopindika umene unawonongeka pouwotcha. Mayi wolandira alendo amaima pa mtsukowo n'kufotokoza kuti eni khomo lino anali amphawi moti ndalama ya mtsuko wabwino analibe, ndiye anagula wopindikawo pamtengo wotsika. Boma la North Korea limati pakhomo limeneli ndi pamene Kim Il Sung, mtsogoleri woyamba wa dzikolo, anabadwira pa 15 Epulo 1912. Ana asukulu, asilikali, ogwira ntchito m'mafakitale ndi alendo akunja amafika pamzere, amamva nkhani ya mtsuko, amamwa madzi a pachitsime chapafupi, kenako amawaonetsa mwala umene mwanayo ankakhalapo powerenga ndi wina umene ankauyesa sitima yankhondo posewera ndi anzake.

Malo otere m'dzikomo alipo makumi angapo. Boma ndi limene limawasankha, kuwakonza, kulemba anthu owasamalira ndi kulamula mawu oti azinenedwa pamalopo. M'Chikoreya amawagawa pawiri. Pali hyongmyong sajokchi, malo amene mtsogoleri kapena wachibale wake anabadwira, anaphunzirira, anagonapo kapena anaperekerapo malangizo. Palinso hyongmyong chonjokchi, malo a nkhondo, makamaka nkhondo ya m'tchire yolimbana ndi atsamunda a ku Japan amene analamulira Korea kuyambira 1910 mpaka 1945. Mawu akuti hyongmyong amanena za kugwetsa ulamuliro wakale n'kudzala watsopano. Mtundu uliwonse umasunga malo okumbukirapo kumene wachokera, ndipo pamenepo palibe mlandu. Koma ku North Korea funso loyeretsa malo ndi limodzi: kodi munthu wa banja la Kim anapondapo?

Amene amangoti zonsezi ndi bodza amaphonya pamene pagona mphamvu yake. Kim Il Sung anamenyadi nkhondo. M'zaka za m'ma 1930 anali mtsogoleri wa gulu la asilikali a m'tchire ku Manchuria, dera la kumpoto chakum'mawa kwa China, ndipo apolisi a ku Japan ankamusakasaka. Usiku wa pa 4 Juni 1937 anaoloka mtsinje wa Amnok, umene Atchaina amautcha Yalu, n'kuthira nkhondo katauni ka Pochonbo. Anyamata ake anawombera polisi, anatentha maofesi a atsamunda, n'kubwerera kutsidya kusanache. Kunena za nkhondo, chinali chinthu chaching'ono. Koma chinachitikira pa nthaka ya Korea, pa nthawi imene anthu ambiri anali atataya mtima, ndipo nyuzipepala ya Dong-a Ilbo ya ku Seoul inalemba nkhaniyo. Dzina la Kim linamveka m'dziko lonse.

Zimene mlendo samva ku Pochonbo ndi izi. Gulu la Kim linali nthambi ya gulu lalikulu lankhondo lotsogozedwa ndi chipani cha Chikomyunizimu cha ku China, ndipo iye anali ndi akuluakulu omulamula. Atapanikizika, chakumapeto kwa 1940, anathawira ku Soviet Union, kumene pambuyo pake anakhala kaputeni m'gulu la asilikali la nambala 88 pamudzi wa Vyatskoye, pafupi ndi Khabarovsk. Japan itagonja, anafika padoko la Wonsan pa sitima yapamadzi ya Soviet Union mu Seputembala 1945, nkhondo itatha kale. Ntchito ya malo a mbiriwa ndi kusunga gawo loyamba la nkhaniyi, kulikuza, n'kukwirira gawo lachiwiri.

Chaka chimene zinthu zinatembenukira ndi 1967. Kufikira nthawiyo m'chipani cholamula cha North Korea munali akuluakulu ena amene nawonso anali ndi mbiri yawoyawo ya kumenyera ufulu. Mmodzi wa iwo anali Pak Kum Chol, wa gulu lotchedwa Kapsan. Anthu a gululi ndi amene ankagwira ntchito mobisa mkati mwa Korea ndipo anathandiza kukonza za ku Pochonbo. Atsamunda atabwezera, anamanga anthu mazanamazana a m'deralo, ndipo Pak anakhala m'ndende mpaka 1945. Munthu wotere ankatha kuima pagulu n'kunena kuti nanenso ndinalipo. Mu Meyi 1967 Kim anamuchotsa pamodzi ndi anzake, n'kukhazikitsa lamulo lakuti chipani chonse chiziyendera maganizo a munthu mmodzi. Chaka chomwecho, mumzinda wa Hyesan anatsegula chipilala chachikulu chokumbukira kupambana kwa ku Pochonbo, Kim ali patsogolo, ena onse akumutsatira. Mutu umodzi susenza denga, koma kuyambira pamenepo mbiri ya ufulu wa Korea inayenera kuoneka ngati inasenzedwa ndi mutu umodzi.

Wogwira ntchito imeneyi ndi manja ake anali mwana wake, Kim Jong Il, amene pa nthawiyo ankakwera maudindo mu nthambi ya chipani yofalitsa mauthenga okopa anthu. Iye anazindikira kuti potamanda bambo ake akudzikonzera yekha njira. Mu 1972, bamboyo atakwanitsa zaka 60, pa chitunda cha Mansu mu Pyongyang anaimikapo chiboliboli chamkuwa chotalika pafupifupi mamita 20. Mu 1975 anamanga chipilala cha Wangjaesan kumpoto kwenikweni, mu 1979 cha Samjiyon, ndipo mu 1982 chipata chachikulu cha chigonjetso chotalika mamita 60, pafupi ndi bwalo limene Kim Il Sung analankhulira koyamba kwa anthu a mu Pyongyang pa 14 Okutobala 1945. Pachipatacho analembapo zaka ziwiri, 1925 ndi 1945: chaka chimene akuti ananyamuka kukafuna ufulu wa dziko, ndi chaka chimene akuti anabwera nawo.

Ulemerero wa munthu mmodzi umatha munthuyo akatsikira kuli chete. Kuti ukhale cholowa, uyenera kukhala wa m'magazi. Motero olemba mbiri a chipani anayamba kubwerera m'mbuyo, kukafukula makolo.

Anayamba ndi agogo a bambo ake a Kim Il Sung, a Kim Ung U, amene ankalondera manda a banja lina lolemera ku Mangyongdae. Mu 1866 sitima yamalonda ya ku America yotchedwa General Sherman inakwera mtsinje wa Taedong popanda chilolezo, ndipo anthu a ku Pyongyang anaitentha n'kupha onse amene anali m'katimo. Zimenezi zinachitikadi. Koma zolemba za nthawiyo sizitchula Kim Ung U, ndipo dzina lake linalowa m'nkhaniyo patapita zaka pafupifupi 100, mdzukulutuvi wake ali pampando. Lero mwana wa ku North Korea amaphunzira kuti woyambitsa kulimbana ndi America anali kholo la banja lolamula. Bambo ake a Kim Il Sung, a Kim Hyong Jik, ali ndi malo awo ku Ponghwa, kumene ankaphunzitsa sukulu, ndipo amawatchula kuti anali mtsogoleri wamkulu wa omenyera ufulu onse. Nkhani yokondedwa ndi yakuti pomwalira mu 1926 anasiyira mwana wawo mfuti ziwiri zazing'ono. Mayi ake, a Kang Pan Sok, ali ndi malo awo ku Chilgol kumene anabadwira. Chimene sichinenedwa kawirikawiri n'chakuti banjali linali la Chikhristu, la mpingo wa Chipresibateriya. Bambo a mayiwa anali mkulu wa mpingo, ndipo Kim Hyong Jik anaphunzira pa sukulu ya amishoni ya Sungsil. M'chigawo cha Ryanggang, maboma atatu anawasintha maina: lina likutchedwa Kim Jong Suk, mayi ake a Kim Jong Il, lina Kim Hyong Jik, lina Kim Hyong Gwon, bambo aang'ono a Kim Il Sung. Munthu polemba keyala ya kwawo amalemba dzina la m'banjamo.

Kubwerera m'mbuyo kunali kosavuta. Ntchito yolemetsa inali yopita kutsogolo, kwa mwana wolowa ufumu, chifukwa dziko lodzitcha la Chikomyunizimu silimayenera kukhala ndi ufumu wa m'banja. Kim Jong Il anasankhidwa mkati mwa chipani mu 1974 ndipo anaonetsedwa poyera pa msonkhano waukulu wa mu Okutobala 1980. Iye sanamenye nkhondo iliyonse. Panafunika chifukwa china choti akhale iyeyo, ndipo chifukwacho anakachipeza pa phiri la Paektu.

Paektu ndi phiri lalitali kuposa onse ku Korea, mamita oposa 2,700, pamalire ndi China. Ndi phiri lophulika, ndipo pamwamba pake pali nyanja yotchedwa Chonji, kutanthauza nyanja ya kumwamba. Akoreya a kumpoto ndi kumwera komwe amaliona ngati chiyambi cha mtundu wawo, ndipo limatchulidwa m'nyimbo za fuko za mayiko onse awiri. Ulemu umenewu unalipo banja la Kim lisanatchuke. Chimene banjali linachita ndi kumangirira dzina lake pa chinthu chimene anthu ankachilemekeza kale.

Zolemba za ku Soviet Union zimasonyeza kuti Kim Jong Il anabadwa mu 1941 kum'mawa kwenikweni kwa dzikolo, kumene makolo ake anathawira, ndipo ali mwana ankadziwika ndi dzina la Chirasha lakuti Yuri. Boma la North Korea limati anabadwa pa 16 Febuluwale 1942 m'kanyumba ka mitengo pa msasa wobisika wa asilikali a m'tchire, m'chigwa cha Sobaeksu m'munsi mwa Paektu, ndipo kuti kumwamba kunaoneka utawaleza uwiri ndi nyenyezi yatsopano. Ofufuza ambiri amaona kuti chaka cha 1942 chinasankhidwa kuti chitalikirane ndi 1912 ndi zaka 30 zokwana, kuti zikondwerero zikuluzikulu za bambo ndi mwana zizigwa m'chaka chimodzi. Kanyumbako kanatsegulidwa kwa anthu mu 1987. Chaka chotsatira, nsonga ya phiri imene ili pamwamba pake anaisintha dzina kukhala Jong Il, n'kumatapo miyala ikuluikulu yogobedwa dzinalo kuti lizioneka patali.

Kanyumba kameneka kamachita ntchito ziwiri nthawi imodzi, ndipo n'chifukwa chake ndimakaona kuti ndi mtima wa dongosolo lonseli. Kwa mwana, kakumupatsa kubadwa kopatulika. Kwa bambo, kakufafaniza zaka zisanu za ku Soviet Union, pakuti ngati mwanayo anabadwira pa Paektu mu 1942, ndiye kuti bamboyo sanathawe, anali pa nthaka ya kwawo akutsogolera nkhondo mpaka tsiku lomaliza. Ndipo ngati ndi choncho, Korea sinamasulidwe ndi asilikali a Soviet Union kapena kugonja kwa Japan kwa mayiko ogwirizana, inamasulidwa ndi banja limodzi. Amene anakumasula umakhala naye pa ngongole, ndipo ngongoleyo, malinga ndi chiphunzitsochi, amaitolera mwana ndi mdzukulu.

Nkhani yotere imafuna mboni, ndipo mboni zake zinakhala mitengo. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, boma linayamba kulengeza kuti m'nkhalango mwapezeka mitengo yosendedwa makungwa imene asilikali a m'tchire analembapo mawu zaka 40 kapena 50 m'mbuyomo. Amaitcha kuho namu, mitengo ya mfuu. Mawu ake ndi otamanda Kim Il Sung, otamanda mkazi wake Kim Jong Suk, ndipo ambiri ndi olengeza kuti pa Paektu pabadwa nyenyezi yowala imene idzalowe m'malo mwa mtsogoleri. Inayamba kupezeka pafupi ndi Paektu, kenako m'zigawo zina zakutali, mpaka chiwerengero chake chinafika m'zikwi. Aliyense amene anasendapo mtengo akudziwa zimene mvula, dzuwa ndi chiswe zimachita pa thunthu losenda m'zaka zochepa chabe, nanji inki. Hwang Jang Yop, amene anali mlembi wa chipani ndi mmodzi wa okonza Juche, chiphunzitso cha boma cha kudzidalira, atathawira ku South Korea mu 1997 ananena poyera kuti zolembazo n'zopeka. Koma m'dzikomo mitengoyo anaivindikira ndi magalasi, ndipo ili ndi alonda.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa. Nyuzipepala za boma zimatamanda asilikali 17 amene anafa mu 1998 pa phiri la Mujae poteteza mitengo yotere ku moto wa m'tchire, ndipo anawapatsa ulemu wa ngwazi za dziko. Anali ana a anthu. Kaya anathamangira m'motomo chifukwa chokhulupirira kapena chifukwa choopa chimene chikanawachitikira mitengoyo ikanapsa, dongosolo limene linawaika pamenepo ndi limodzi, ndipo limagwiritsa ntchito imfa yawo pophunzitsa ana ena kuti achite chimodzimodzi.

Njira yomweyi anaigwiritsanso ntchito pa mbiri yakale kwambiri. Mu 1993 akatswiri a boma analengeza kuti apeza mafupa a Tangun, kholo la m'nthano limene Akoreya amati linayambitsa mtundu wawo, ndipo anati mafupawo ndi a zaka zoposa 5,000. Anapezeka ku Kangdong, pafupi ndi Pyongyang, ndipo chaka chotsatira anamangapo manda aakulu a miyala yoyera. Akatswiri akunja sanavomereze. Uthenga wake unali wakuti mtundu unayambira kumpoto, choncho boma la kumpoto ndi limene lili ndi ukulu.

Kodi anthu amakhulupiriradi? Funso limeneli limabwera nthawi zonse, koma ndikuona kuti malowa sadalira kwambiri kukhulupirira kwa m'mutu. Amadalira miyendo. Nkhani ya boma imati mu Malichi 1923, ali ndi zaka pafupifupi 11, Kim Il Sung anayenda yekha kuchoka ku Manchuria kufika ku Mangyongdae kukaphunzira, mtunda wa ma ri 1,000, omwe ndi makilomita pafupifupi 400. Ana asukulu osankhidwa amayenda njira yomweyo atanyamula mbendera zofiira. Achinyamata, asilikali ndi akuluakulu a chipani amatumizidwa kukayenda maulendo a ku Paektu, nthawi zambiri m'nyengo yozizira koopsa, atavala ngati asilikali a m'tchire, kugona m'misasa, kumvetsera kwa amayi ovala yunifomu amene analoweza nkhani ya malo alionse. Munthu amene mapazi ake anachita matuza panjira imeneyo, amene anaimba ndi anzake pamoto usiku, sakumbukira phunziro la m'kalasi. Amakumbukira unyamata wake. Kudzamuuza kuti kanyumba kaja n'komanga dzana kuli ngati kumulanda gawo la moyo wake. Komanso kusankhidwa kupita ku ulendowo ndi ulemu umene umalembedwa m'mbiri ya munthu, ndipo kwa ambiri ndi mwayi wosowa woona dera lina m'dziko limene kuyenda kumafuna chilolezo.

Kuwonjezera pa malo akuluakuluwa, pali ang'onoang'ono osawerengeka. Mtsogoleri akayendera fakitale, sukulu, chipatala kapena munda, pamwamba pa chitseko cha chipinda chimene analowamo amakhomapo chikwangwani chofiira chonena tsiku limene anabwera. Mpando umene anakhalapo amausunga, nthawi zina m'galasi. Mudzi wa Chongsan-ri, kumene Kim Il Sung anakhala masiku 15 mu Febuluwale 1960 akulangiza za ulimi, unasanduka malo okaphunzirako dziko lonse. Pa matanthwe a mapiri okongola a Kumgang ndi Myohyang anagobapo mawu otamanda atsogoleri, zilembo zake zazitali kuposa munthu. Munthu wa m'dzikomo akatembenukira kulikonse amapeza kuti banjalo linafikapo kale iye asanafike.

Phindu la zonsezi kwa olamula linaoneka bwino m'zaka za m'ma 1990. Soviet Union itatha, chuma chinagwa, madzi osefukira anawononga minda, ndipo dongosolo la boma logawa chakudya linaima. Njala inapha anthu mazana a zikwi, ndipo ofufuza ena amati anapitirira miliyoni. Boma silinaitche njala. Linaitcha Ulendo Wowawa, dzina la ulendo wa masiku pafupifupi 100 umene Kim Il Sung ndi asilikali ake akuti anayenda m'chipale chofewa m'nyengo yozizira ya 1938 mpaka 1939, adani ali pambuyo, chakudya chitatha. Anthu anali atamva kale nkhani imeneyo kuyambira ali ku mkaka, ndipo ambiri anali atayendapo m'malo ake. Tsono mayi wosowa chopatsa ana ake ankauzidwa kuti akuyenda m'mapazi a mtsogoleri, ndipo kudandaula kunali ngati kuthawa pankhondo. M'zaka zomwezo, nyumba yachifumu ya Kumsusan anaikonza kukhala manda a Kim Il Sung, amene anamwalira pa 8 Julayi 1994. Thupi lake analikonza kuti lisawole n'kuligoneka m'bokosi lagalasi. Kim Jong Il atamwalira mu Disembala 2011 anamugoneka komweko, ndipo mu 2012 chiboliboli chake chinaimikidwa pambali pa cha bambo ake pa Mansu.

Luso lomanga zinthu zimenezi linafika ndi kuno kummwera kwa Africa. Bungwe la amisiri la Mansudae, limene limasema ziboliboli za banja la Kim, lili ndi nthambi yogwira ntchito kunja. Amisiri a ku North Korea ndi amene anakonza manda a ngwazi a Heroes Acre ku Harare kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, manda a dzina lomwelo ku Windhoek mu 2002, ndi chiboliboli cha Samora Machel chimene chinaimikidwa mu Maputo mu 2011. Amene anaonapo malowa waona kale kalembedwe ka Pyongyang: mkuwa, dzanja lokwezedwa, nkhope zoyang'ana kutali. Mu 2016 bungwe la United Nations linaletsa mayiko kugula ziboliboli ku North Korea, poona kuti malondawo amabweretsa ndalama zakunja ku boma limene likupanga zida za nyukiliya.

Pali malo ena m'dzikomo amene alibe chikwangwani. Mzinda wa Hoeryong, kumpoto chakum'mawa, ndi kumene Kim Jong Suk anabadwira pa 24 Disembala 1917, ndipo kuli nyumba yake ya udzu, chiboliboli chake ndi nyumba yosungiramo mbiri yake. M'dera lomwelo munali ndende ya akaidi a ndale yodziwika ndi nambala 22, imene malipoti amati inatsekedwa cha m'ma 2012. Ahn Myong Chol, amene anagwirapo ntchito yaulonda kumeneko, anafotokoza zimene anaona kwa komiti ya United Nations yofufuza za ufulu wa anthu ku North Korea, yotsogozedwa ndi woweruza wa ku Australia, Michael Kirby. Lipoti la komitiyo la mu 2014 linati m'ndende zotere munali anthu pakati pa 80,000 ndi 120,000. Ambiri analowamo chifukwa cha mlandu wa bambo kapena agogo awo, pakuti chiphunzitso chakuti khalidwe limayenda m'magazi chimadula mbali zonse: chimene chimakweza banja limodzi ndi chomwecho chimatsekera mabanja ena mpaka mbadwo wachitatu. Boma limakana kuti ndendezi ziliko.

Ngakhale m'banja lenilenilo, si onse amene ali ndi malo. Kim Il Sung anali ndi mkazi wachiwiri, Kim Song Ae, amene anamuberekera ana, mmodzi wa iwo Kim Pyong Il. Kim Jong Il atapambana mpikisano wa ufumu, a nyumba yachiwiriyo anayamba kutchedwa nthambi za m'mbali. Kim Pyong Il anakhala kazembe m'mayiko a ku Ulaya kwa zaka zoposa 30, kutali ndi kwawo, mpaka 2019. Kukwezedwa kwa Kim Jong Suk, amene anamwalira mu 1949, kunali mbali ya nkhondo imeneyi ya m'banja. Kumanda a ngwazi a pa phiri la Taesong, chifanizo chake chili pamzere wapamwamba, pakati.

Tsopano vuto lomweli lili pa Kim Jong Un, mwana wa Kim Jong Il amene analowa ufumu bambo ake atamwalira. Malamulo khumi a chipani amene nzika iliyonse imaloweza anakonzedwanso mu 2013, ndipo analembamo kuti chipani chidzapitirira mpaka muyaya kudzera m'magazi a Paektu. Kuchimuna, iye ndi wa magaziwo. Kuchikazi ndiye kovuta. Mayi ake, Ko Yong Hui, anabadwira ku Osaka, ku Japan, m'banja la Akoreya, anasamukira ku North Korea ali mwana, n'kukhala wovina m'gulu la zoimba ndi zovina la Mansudae. Anamwalira mu 2004. M'dongosolo la songbun, limene limasanja anthu potengera mbiri ya makolo awo, obwera kuchokera ku Japan amawaika m'gulu lokayikiridwa. Agogo ake aakazi ndi agogo a bambo ake ali ndi nyumba zawo za udzu zimene khamu limakaona, koma mayi ake alibe, ndipo dzina lawo silimveka m'nyuzipepala za boma. Tsiku lake lobadwa, limene limadziwika kuti ndi 8 Januwale, silinalengezedwe kukhala tchuthi cha dziko.

M'malo mwake iye wagwira phiri. Anapita ku Samjiyon, tauni ya m'munsi mwa Paektu, mu Novembala 2013, patangotsala milungu yochepa kuti aphe Jang Song Thaek, mwamuna wa azakhali ake. Mu Seputembala 2018 anakwera Paektu ndi mtsogoleri wa South Korea, Moon Jae-in, n'kugwirana manja m'mbali mwa nyanja ya Chonji. Mu Okutobala ndi Disembala 2019 anajambulitsa ali pa hatchi yoyera m'chipale chofewa cha paphiripo, chithunzi chokumbutsa nthano za agogo ake. Tauni ya Samjiyon anaigumula n'kuimanganso, ndipo ntchitoyo inagwiridwa ndi magulu a achinyamata ndi asilikali pansi pa gulu lotchedwa 216, nambala yochokera pa mwezi wachiwiri, tsiku la 16.

Zaka zaposachedwa zaonetsa kuti mdzukuluyu amathanso kugumula za makolo ake. Mu Januwale 2024, atalengeza kuti South Korea ndi mdani ndipo za kugwirizanitsa dziko zatha, chipata chachikulu cha umodzi chimene bambo ake anamanga mu 2001 pokumbukira mfundo za agogo ake chinachotsedwa pamsewu wolowera mu Pyongyang. Mu Meyi chaka chomwecho chithunzi chake chinaoneka chitapachikidwa pamzere umodzi ndi cha bambo ndi agogo ake, ndipo mu Juni akuluakulu a chipani anaoneka atavala mabaji a nkhope yake yokha. Mu Okutobala, nyuzipepala za boma zinasiya kulemba chaka potsata kalendala ya Juche, imene kuyambira 1997 inkawerenga zaka kuchokera pa kubadwa kwa Kim Il Sung. Mwana wake wamkazi wakhala akuoneka pambali pake kuyambira Novembala 2022, tsiku loyamba ali pamalo oyesera mzinga wankhondo. Ku Mangyongdae alendo akuimabe pa mtsuko uja, ndipo ku Sobaeksu akuwaonetsabe kanyumba ka mitengo, koma boma silinalozebe khomo limene Kim Jong Un anabadwira.